Kabulangeti, Solwezi ndi Lusaka: khungu la nyemba limabisa chiyani?

Mukafika ku Soweto Market mu Lusaka m'mamawa, malole ochokera ku Mbala, Nakonde ndi Solwezi atangotsitsa katundu, mumapeza matumba a nyemba ali kukamwa yasa, mzere ndi mzere. Apa pali Kabulangeti wotuwa wa timawanga, apo Solwezi ndi Lundazi zofiira, uko Lusaka wachikasu, kenako zoyera, ndi zosakaniza za ku Mbala zimene m'dzanja limodzi mumawerengamo mitundu isanu. Amayi a ku Kanyama, George, Matero ndi Chawama amagula pa meda n'kukagawa m'timapepala pa kantemba. Dzina la chakudyachi limasinthanso malinga ndi pakamwa: wa ku Lilongwe amati nyemba, wa ku Katete amati kayera, Mbemba amati chilemba, mwana wobadwira ku Mtendere amangoti binzi. Ife pano tiziti nyemba.

Wogula amafunsa zinthu zitatu: mtengo, ngati ndi za chaka chino, ndiponso ngati zimapsa msanga. Koma masiku ano kwabwera funso lachinayi. Liwu loti antioxidant laonekera pa mapaketi a tiyi, pa mabotolo a juwisi, ndi m'mauthenga a pa WhatsApp a anthu ogulitsa makapisozi odula. Ena amva kuti nyemba zofiira ndi zakuda ndizo zadzaza ndi zinthu zimenezi, ndiye akufunsa ngati zoyera ndi zachikasu zili zopanda pake. Funsoli ndi loyenera kuliyankha modekha, chifukwa limakhudza ndiwo imene mabanja ambiri a m'makomboni amadalira pakati pa mwezi, nyama ikakhala kutali.

Dzimbiri la m'thupi

Mukadula mbatata kapena nthochi yaiwisi n'kuisiya pambale, posachedwa imada. Msomali wosiyidwa pamvula umachita dzimbiri. Zonsezi ndi ntchito ya mpweya wa okosijeni. M'thupi mwathu zofananazo zimachitika: pamene maselo akuwotcha chakudya kuti tipeze mphamvu, pamatsala tizidutswa tolusa totchedwa ma free radical, timene timaluma mafuta, mapuloteni ndi DNA ya maselo. Utsi wa fodya, utsi wa mbaula m'chipinda chotseka, ndi mowa wambiri zimachulukitsa tizidutswati. Antioxidant ndi chinthu chilichonse chimene chimatiziziritsa tisanawononge. Thupi limapanga ake ambiri lokha, ndipo ena amabwera ndi chakudya, monga vitamini C, vitamini E, ndi gulu lalikulu la zinthu za m'zomera lotchedwa ma polyphenol.

Chomera sichipanga ma polyphenol poganizira ife. Chimapanga kuti chiteteze mbewu yake ku dzuwa, ku nkhungu ndi ku tizilombo pamene ikudikira mvula m'nthaka. N'chifukwa chake mu nyemba ambiri a iwo ali pakhungu, pamene mdani amayambira. Khungulo ndi gawo laling'ono, losafika limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa njere, koma ndimo muli utoto wonse umene timauona.

Utotowo uli ndi maina. Mu nyemba zakuda muli ma anthocyanin otchedwa delphinidin, petunidin ndi malvidin, a banja limodzi ndi amene amadetsa nthudza zakupsa ndi mphesa. Mu zofiira mumapezeka pelargonidin ndi cyanidin. Mu zachikasu zambiri muli kaempferol, ndipo mitundu ina ili ndi quercetin, yemwe alinso mu anyezi. Palinso ma tannin, omwe amachititsa kakomedwe konyanyula ngati ka tiyi wotsala nthawi yaitali m'ketulo. Ameneŵa ndi ochuluka mu nyemba zofiira, zabulauni ndi zamawanga, ndipo ndi amene amadetsa khungu la nyemba zogonera m'thumba. Mkati mwa njere, mosasamala mtundu, muli ma asidi monga ferulic ndi p-coumaric. Choncho ngakhale nyemba yoyera si yopanda kanthu. Ili ndi zochepa chabe poyerekeza ndi zinzake.

Izi zayesedwapo pa nyemba za kuno komwe. Vincent Nyau, wa sayansi ya zakudya pa University of Zambia, pamodzi ndi anzake a ku University of Cape Town, anapima nyemba za m'misika ya Zambia za mitundu inayi: zofiira, zotuwa zamawanga, zabulauni ndi zoyera. Zimene anafalitsa mu 2016 zinagwirizana ndi zimene ofufuza apeza m'maiko ena: zofiira zinali pamwamba pa kuchuluka kwa ma polyphenol ndi mphamvu yoziziritsa ma free radical, zoyera zinali pansi. Mayi amene amati msuzi wa Solwezi ndi wamphamvu kuposa wa nyemba zoyera akunena chinthu chimene makina a mu labotale amavomereza.

Labotale si mimba ya munthu

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mu 2004 ofufuza a unduna wa zaulimi wa ku America anapima zakudya zoposa 100, ndipo pa mndandanda umene unatchuka kwambiri nyemba zazing'ono zofiira zinakhala patsogolo, pamwamba pa zipatso zodula za kumeneko. Amalonda anatenga manambala otere n'kuyamba kumata pa katundu wawo. Mu 2012 unduna womwewo unachotsa mndandanda wa manambalawo pa intaneti, ponena kuti zimene zimachitika m'kabotolo ka galasi sizitsimikizira zimene zimachitika m'thupi, ndiponso kuti amalonda amaugwiritsa ntchito molakwika.

Chifukwa chake n'chomveka. Ma polyphenol ambiri salowa m'magazi monga alili. Gawo lalikulu limadutsa mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya abwino amaliphwanya kukhala tinthu tina, ndipo tochepa timene timalowa m'magazi chiwindi chimatisintha msanga. Ubwino wawo, pamene ulipo, umadzera m'njira zokhotakhota: kudyetsa mabakiteriya abwinowo, kuchedwetsa kugayika kwa sitachi, ndi kudzutsa chitetezo chimene thupi lili nacho kale.

Palinso phunziro lowawa la makapisozi. Ku Finland, kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994 anapatsa amuna osuta fodya mapiritsi a beta-carotene, antioxidant wodziwika, poyembekezera kuti khansa ya m'mapapo ichepa. M'malo mwake inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Kafukufuku wina ku America anaimitsidwa mu 1996 pa chifukwa chomwecho. Chinthu chabwino m'chakudya chikachotsedwamo n'kuunjikidwa m'piritsi sichikhalanso chomwecho. Bambo wa ku Kalingalinga amene akusunga ndalama kuti agule botolo la makapisozi, pamene ndalama yomweyo ingagule meda ya Kabulangeti, ayenera kumva zimenezi.

Umboni umene uli wolimba

Ngati manambala a mu labotale sakwanira, nanga tidalire chiyani? Tidalire kafukufuku amene anadyetsa anthu nyemba zenizeni. Ku Toronto, David Jenkins ndi anzake anatenga anthu 121 odwala shuga. Theka linauzidwa kudya kapu imodzi ya nyemba kapena mbewu za gulu lake tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Mu 2012 anafalitsa kuti muyeso wa shuga wa nthawi yaitali, wotchedwa HbA1c, unatsika ndi 0.5 mwa odya nyembawo, kuposa mwa anzawo amene ankadya tirigu wosapuntha, ndipo BP yawo inatsikako. Mu 2014 ofufuza a mumzinda womwewo anaphatikiza mayeso 26 n'kupeza kuti pafupifupi magalamu 130 a nyemba zophika pa tsiku amatsitsa kolesterolo woipa ndi pafupifupi 5 peresenti.

Ubwino umenewu suchokera ku utoto wokha. Nyemba zouma zili ndi mapuloteni opitirira gawo limodzi mwa asanu a kulemera kwake. Zili ndi timaulusi tambiri tosagayika timene timachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndi kufewetsa chimbudzi. Zili ndi potaziyamu, folate, zinki ndi ayironi. Ma polyphenol ndi amodzi mwa antchito ambiri pa munda umodzi. Ndipo nkhaniyi si ya azungu okha: kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu mu Zambia ali ndi BP yokwera. Amene amapita ku chipatala cha Matero, Kanyama kapena Chawama tsiku la odwala BP ndi shuga amadziwa kutalika kwa mzere wake. Nsima ya ufa woyera, buledi ndi tiyi wa shuga wambiri, masoseji otchipa ndi zakumwa zotsekemera zalowa m'malo mwa zakudya zimene makolo athu ankadya kumudzi, ndipo nyemba ndi imodzi mwa zochepa zimene zatsala pafupi ndi thumba la munthu wamba.

Walira mvula walira matope

Tsopano tifike pa mbali imene ogulitsa mawu oti antioxidant satchula. Ma tannin amene amakweza nyemba zofiira pa muyeso wa mu labotale ndi omwewonso amene amagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Amathandizana pa ntchitoyi ndi phytate, yemwe ali mkati mwa njere ya nyemba iliyonse ndiponso m'chimanga. Izi n'zofunika kwambiri kuno, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia wa mu 2018 anapeza kuti ana 58 mwa 100 a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi, amayi 31 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 chimodzimodzi, ndipo ana 35 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kuchepa kwa magazi kuli ndi zoyambitsa zingapo, malungo ndi njoka za m'mimba zili pomwepo, koma kusowa kwa ayironi ndi chimodzi mwa zazikulu.

Raymond Glahn ndi anzake ku Ithaca, m'dziko la America, anayesa ma polyphenol a nyemba limodzilimodzi pa maselo a m'matumbo a munthu olimidwa mu labotale. Anapeza kuti si onse amene amatsekereza ayironi. Myricetin ndi quercetin amatsekereza, pamene kaempferol ndi catechin amathandiza kuti alowe. Mu 2018, pamodzi ndi Jason Wiesinger ndi Karen Cichy, anaonetsa kuti nyemba zachikasu chotumbuluka za mtundu wa Manteca zimapsa msanga ndipo zimapereka ayironi wambiri kuposa zofiira zamawanga, chifukwa khungu lake lili ndi kaempferol koma ma tannin ndi ochepa. Si nyemba yachikasu iliyonse ili choncho. Zina zimada zikakhalitsa kapena zikaphikidwa, ndipo kudako ndiko chizindikiro cha ma tannin. Nyemba zoyera nazo zimamasula ayironi wake mosavuta.

Tanthauzo lake pa mbale ndi ili. Agogo odwala shuga ndi bambo wa BP apindula ndi nyemba ya mtundu uliwonse, ndipo zofiira ndi Kabulangeti zimawawonjezera ma polyphenol. Mayi woyembekezera, mtsikana amene wayamba kusamba, ndi mwana amene wayamba kudya phala akufunika ayironi koposa, ndiye zoyera ndi zachikasu zosada ziwayenera kawirikawiri. Amayi akale amene ankaviika nyemba, kuzisupula khungu n'kuphika chipere cha mwana kapena wodwala, ankachotsa gawo lomwe lili ndi ma tannin ambiri, ngakhale dzina lake sankalidziwa. Nyumba imodzi imakhala ndi anthu onsewa, choncho nyumba imodzi isamadye mtundu umodzi chaka chonse.

Pali njira zinanso zothandizira ayironi. Vitamini C wa mu tomato, repu wosapsetsa kwambiri, mandimu, gwafa kapena malambe amamasula ayironi wa m'nyemba. Kapenta pang'ono pambali amachita chimodzimodzi. Tiyi ali ndi ma tannin akeake, choncho asamwedwe pamodzi ndi nsima ya nyemba. Papite ola limodzi. Alimi ndi ofufuza nawo akuyesa kuchulukitsa ayironi m'mbewu momwemo. Ku Rwanda, atsikana a pa yunivesite amene anadya nyemba za ayironi wochuluka kwa masiku 128 magazi awo anakwera kuposa a anzawo, monga zinafalitsidwa mu 2016. Kuno ku Zambia mtundu wotere ulipo, dzina lake Mbereshi.

Pa mbaula

Mdani wamkulu wa nyemba m'komboni ndi mtengo wa makala, amene kuno timati malasha. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala ngozi ya dziko pa 29 February 2024 chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo aliyense anathamangira mbaula. Ndiwo yofuna maola atatu pamoto inasanduka yodula ngakhale njere zake zili zotchipa, ndipo ambiri anatembenukira ku soya pisi ndi mazira zimene zimapsa m'mphindi zochepa.

Nyemba zimachedwa kupsa pa zifukwa zodziwika. Zikasungidwa nthawi yaitali pamalo otentha ndi achinyezi, monga m'chipinda cha malata nthawi ya dzinja, zimalimba mkati ndipo khungu limakana madzi. Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Mbali yaikulu ya Lusaka, Kanyama ndi George zili momwemo, yakhala pa mwala wa laimu ndi dolomite, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yake ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri. Ndi zomwe zimasiya zoyera zija pansi pa ketulo. Kashiamu amamanga zomatira za pakati pa maselo a nyemba kuti zisasungunuke msanga. Mayi amene anachoka ku Lundazi n'kudabwa kuti nyemba zomwezo zikuchedwa kupsa mu Lusaka sanaiwale kuphika. Madzi ndiwo asintha.

Mankhwala ake oyamba ndi kuviika usiku wonse. Kuviika kumadula nthawi ya pamoto, ndipo mukataya madzi oviikirawo mumatayanso gawo la timashuga totchedwa raffinose ndi stachyose timene timadzaza mpweya m'mimba. Utoto pang'ono umapita nawo, koma wotsala ndi wokwanira, ndipo phindu la makala opulumuka ndi lalikulu. Kamchere pang'ono m'madzi oviikira kamathandiza kufewetsa, makamaka kumene madzi ali a laimu. Tomato alowe nyemba zitafewa kale, chifukwa kuwawasa kwake kumazilimbitsa. Soda amafewetsadi msanga, koma amawononga vitamini B1 ndi utoto wa khungu, choncho asakhale chizolowezi. Msuzi wophikira usatayidwe: ma polyphenol ndi michere yambiri imasungunukira mmenemo, ndipo msuzi wofiira uja umene ana amanyambita ndiwo wanyamula zambiri za m'khungu.

Chinthu chimodzi chisaphonyedwe. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira zikuluzikulu, zili ndi puloteni yotchedwa phytohaemagglutinin imene imasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Imafa nyemba zikabwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Moto wofooka wongofunditsa suipha. Amene akufuna kupulumutsa makala angabwatitse nyemba zoviika kwa theka la ola, n'kukulunga poto wotseka bwino m'bulangeti lochindikala m'dengu kwa maola angapo kuti zipse ndi kutentha kwake komwe, kenako n'kuzibwatitsanso pokazinga.

Mbewu zimene tinalandira

Nyemba si mbewu yobadwira mu Africa ngati khobwe ndi nzama. Inawetedwa ku Mexico ndi ku mapiri a Andes zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, ndipo inafika kuno kudzera m'malonda a Apwitikizi zaka mazana angapo zapitazo. Koma amayi a ku Mbala, Isoka, Solwezi ndi Lundazi aisankha chaka ndi chaka, kuisunga m'zikwatu ndi m'miphika, mpaka yatenga maina a kwathu. Ku Malawi zachitikanso chimodzimodzi ndi Nanyati, Phalombe ndi Chimbamba. Kubzala mitundu yosakaniza m'munda umodzi, monga amachitira ku Mbala, ndi nzeru ya mlimi: matenda akagwira wina, wina amapulumuka. Nzeru yomweyo imagwiranso ntchito pa mbale, chifukwa khungu lililonse limabweretsa zakezake.

Mitundu yamakoloyi ili ndi zofooka. Yambiri imagwidwa msanga ndi matenda a masamba ndi makoko, ndipo zokolola zake ndi zochepa. Pa siteshoni ya Misamfu ku Kasama, ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ZARI atulutsa mitundu monga Lyambai, Chambeshi, Lukupa ndi Kalungu. Pa University of Zambia, Kelvin Kamfwa ndi gulu lake akugwira ntchito yolimbitsa mitundu imene anthu amaikonda kale, kuphatikizapo Kabulangeti, kuti ipirire matenda popanda kutaya maonekedwe amene wogula wa ku Soweto amafuna. Mbewu zakale zikusungidwa ku Mount Makulu ku Chilanga ndi ku nkhokwe ya mbewu ya maiko a SADC imene ili kum'mawa kwa Lusaka. Koma nkhokwe yaikulu kuposa zonsezi ndi msika. Mlimi amabzala chimene chikugulidwa. Mtundu umene amayi a m'tauni asiya kuufunsa, m'zaka zochepa umasowa ndi kumunda komwe.

Pali chopinga china chimene sichili m'nthaka kapena m'madzi: manyazi. Ambiri a ife tinadya nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku kusukulu yogonera komweko, ndipo tinalumbira kuti tikadzayamba ntchito sitidzazikhudzanso. Mlendo akabwera timapepesa kuti lero kuli nyemba chabe. Kupepesa kumeneku ana amakumva, ndipo amakula akudziwa kuti soseji ndi ulemu, nyemba ndi umphawi. Pamene ife tikupepesa, bungwe la United Nations linapatula chaka cha 2016 kukhala cha nyemba ndi mbewu za gulu lake, ndipo 10 February chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira mbewu zimenezi pa dziko lonse.

Tikasonkhanitsa zonse, yankho la funso lachinayi lija ndi ili. N'zoona kuti nyemba zofiira, zakuda ndi zamawanga zili ndi ma antioxidant ambiri kuposa zoyera ndi zachikasu. N'zoonanso kuti zoyera ndi zachikasu zosada zimapereka ayironi mosavuta. Palibe mtundu umodzi woposa yonse, ndipo palibe kapisozi amene angalowe m'malo mwa mbale ya nyemba. Inu amayi ndi abambo amene mumagula ndiwo za pakhomo, sabata ino tengani Kabulangeti kapena Solwezi, sabata yamawa Lusaka kapena zoyera. Funsani za chaka chino, viikani usiku, bwatitsani bwino, ikani tomato pomaliza, ndipo msuzi wake muwapatse ana.